Thenga wa Adilesi ya NyaChirambo

Lolemba lina la mwezi wa Meyi, m'chaka cha 2019, ofesi ina ya pa Boma ku Rumphi inalengeza kuti nthawi ya mapepala yatha. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wa bizinesi yaing'ono wofuna kumva za zionetsero zamalonda, maphunziro kapena misika yatsopano anayenera kukhala ndi adilesi ya imelo, ndipo adilesiyo inayenera kukhala "yaulemu, yosonyeza dzina la bizinesi." Chilengezochi chinalembedwa pamanja, poti makina osindikizira anali atatha inki. Chinadindidwa kawiri, ndipo mesenjala anachinyamula pa njinga yamoto n'kukachimata pa chitseko cha chigayo ku Bolero. Ndime yomaliza, imene akuti inali ya zilango, inadyedwa ndi mbuzi tsiku lomwelo.

Anthu ambiri anawerenga n'kupitiriza ulendo wawo. Mmodzi yekha ndiye anaima nthawi yaitali, ndowa ya ufa ili pamutu, kenaka n'kufunsa wachigayo kuti, "Kodi adilesi yopanda ulemu imaoneka bwanji?" Wachigayo sanadziwe. Wofunsayo anali Rahab Chirambo, mayi wogulitsa uchi, amene anthu akumeneko amangomutchula kuti NyaChirambo.

NyaChirambo anabadwa ndi nthenda yofunsa. Kwawo ndi m'chigwa cha Nkhamanga, kumene bambo ake ankalima fodya, ndipo akuti ali wamng'ono anabwezedwa ku Sande sukulu chifukwa chofuna kudziwa ngati Nowa analowetsa njuchi ziwiri zokha m'chingalawa kapena mng'oma wathunthu. Mphunzitsi anati funsolo linali lamwano. Iye mpaka lero amati yankho sanalandire. Sukulu anaisiyira Folomu 2, chaka chimene fodya wa bambo ake anabwezedwa ku okushoni, ndipo patapita zaka zingapo ng'ombe zinachoka kwa a Harawa, kufupi ndi chipata cha Thazima cholowera ku Nyika, kudzalowa m'khola la a Chirambo. Iye analowera kumene ng'ombezo zinachokera, monga mwa mwambo wa kumpoto, n'kukhala mkazi wa Caleb Harawa.

Caleb anali mlimi wa njuchi. Ming'oma yake ankaipachika m'nkhalango ya m'mphepete mwa Nyika, mwa chilolezo, ndipo pokafula uchi ankaperekezedwa ndi asilikali a nkhalango, amene anthu amangoti a gemu, mfuti ili paphewa ngati kuti njuchi zimaopa chipolopolo. Ntchito anagawana bwino. Caleb ankakwera mitengo, kufukiza utsi ndi kulankhula ndi ogula. NyaChirambo ankasefa, kuthira m'mabotolo ndi kukana. Kukana ndiyo inali ntchito yake yaikulu. Uchi wofulidwa usanakhwime, wamadzimadzi, umene umachita thovu ukakhalitsa m'botolo, sunkadutsa pakhomo pake ngakhale wobwera nawo atakhala mkulu wa mpingo. Motero mawu akuti "Uchi wa kwa Harawa" anafika mpaka m'masitolo a ku Lilongwe, kumene anthu ankaganiza kuti Harawa ndi munthu mmodzi.

Imelo inabwera ndi bungwe lina lothandiza alimi a njuchi. A bungwewo anafika ndi galimoto zoyera, anaphunzitsa amuna okhaokha kwa sabata, anamutsegulira Caleb adilesi yaulere pa foni yake, anazika chikwangwani pamsewu n'kumapita. Chikwangwanicho chilipobe. Kuyambira pamenepo ogula ankalembera Caleb, ndipo NyaChirambo ankasuzumira paphewa pake n'kumafunsa kumene kalata imakhala foni ikakhala yozimitsa. Caleb ankati, "M'mwamba." Iye ankati, "M'mwamba muti? Nanga mvula ikagwa?"

Caleb anamwalira m'dzinja, kumayambiriro kwa 2018. Maliro atatha, akuluakulu a kwa Harawa anakhala pansi kugawa katundu. Jekete, njinga ndi foni zinapita kwa mng'ono wake wa malemu, a Gordon. Ming'oma anamusiyira NyaChirambo popanda mkangano, poti chuma choluma sichikhala ndi ochilimbirana ambiri. Palibe amene anaganiza zoti msika wonse wa uchi unali m'foni muja, ndipo unalowa m'thumba la jekete lija n'kupita nawo a Gordon.

A Gordon sanali munthu woipa mtima. Ankadziona ngati mtetezi wa mayi wamasiye, ndipo Loweruka lililonse ankafika pa njinga ya malemu, atavala jekete la malemu, kudzamuwerengera makalata a malemu.

"Monire, mlamu. Kwabwera kalata ya mayi Isabella, a sitolo ya ku Lilongwe aja."

"Yewo. Akuti bwanji?"

"Akupereka moni."

"Basi? Munthu agule mayunitsi kuti angondipatsa moni? Pitirizani m'munsimo, mlamu."

"M'munsimo ndi Chingerezi chokhachokha, ndayankha kale. Inu musamadere nkhawa, ine ndilipo."

"Ndikuona kuti mulipo. Ndikufunsa za uchi."

Za uchi anazimva kwa dalaivala wa matola wa pa Bolero, amene anamuyamikira kuti bizinesi ikukula, poti mwezi umenewo anali atanyamula zigubu zambiri zolembedwa Harawa. NyaChirambo anali asanatumize chigubu n'chimodzi chomwe. Zinapezeka kuti a Gordon ankagula uchi kwa aliyense wobwera ndi ndowa, wokhwima ndi wosakhwima womwe, n'kumatumiza ku Lilongwe m'dzina la banja. Pambuyo pake kunamveka kuti botolo lina linaphulika pa shelefu, thovu n'kuyenderera pa mabisiketi a eni ake. Ogula sankadziwa Gordon, sankadziwanso Rahab. Ankadziwa dzina limene iye anakhala akulisefa pansalu zaka zonse za ukwati wake, ndipo dzinalo linali litayamba kusasa.

Kuitanitsa foni sikunali kotheka. Chinthu chogawidwa pamaso pa akuluakulu, maliro atangotha, sachibweza chifukwa cha botolo. Choncho pamene anawerenga chilengezo pa chitseko cha chigayo chija, NyaChirambo sanaganize za zionetsero zamalonda. Anaganiza za adilesi yakeyake, yolembedwa dzina la kwawo, imene mlamu sangaivale ngati jekete. Mwana wake Thandi, namwino ku Mzimba, anali atamutumizira foni yotsetsereza chala. Chimene chinatsala ndi kudziwa kumene adilesi yaulemu imapezeka.

Anakwera matola kupita ku Boma. Mu ofesi muja anapezamo a Overton Makwinja, munthu wa ku Thyolo, amene anatumizidwa ku Rumphi mongoyembekezera ndipo anali akuyembekezerabe mpaka imvi. Chitumbuka chawo chinali "yewo" yekha, koma ankamugwiritsa ntchito mosaumira.

"Yewo, mayi, yewo. Nkhani yake ndi yosavuta. Adilesi iliyonse ili ndi kachizindikiro pakati, kokhala ngati nkhono. Kumbuyo kwa nkhonoko kukakhala dzina la kampani ya azungu, ndiye kuti ndinu mlendo m'nyumba ya eni. Kukakhala dzina la bizinesi yanu, ndiwo ulemu umenewo."

"Nanga makalatawo amagona kuti?"

"Mumapeza kampani yokusungirani. Muli ngati mwachita lendi bokosi la ku positi, koma la m'makina. Iwo amasamala makinawo, inu mumangowerenga."

"Iwowo amawerenganso?"

"Sayenera."

"Sindinafunse ngati ayenera, bambo."

A Makwinja anakhosomola, anasuntha chidindo kuchichotsa kumanja kuchiika kumanzere, n'kunena kuti funso limenelo linali la unduna wina. NyaChirambo anapempha kuona adilesi ya ofesiyo kuti atengerepo chitsanzo cha ulemu. Inali yaulere, ya dzina lachibwana la a Makwinja ndi chaka chawo chobadwa. Iwo anafotokoza kuti yaulemu ya ofesi inali m'ndondomeko. Kenaka anamutchulira osunga makalata atatu: kampani yaikulu ya kutsidya kwa nyanja, bambo wina wa sitolo ya makompyuta ku Mzuzu, ndi kampani ina ya ku Blantyre.

"Musankhe nokha, mayi. Masiku ano ndi a demokalase. Boma silisankhira munthu."

M'matola pobwerera, atapanikizika pakati pa matumba a feteleza, NyaChirambo anaiona nkhaniyo mmene inalili. Ankafuna kutenga dzina lake kukalipereka m'nyumba ya anthu osawadziwa, kuti likakhale kumeneko usana ndi usiku. Kwawoko chinthu chotere chili ndi njira yake. Munthu sapereka mwana ku banja limene sanalifufuze, ndipo sapita yekha kukafufuza, poti akakuona mwini nkhani amasesa pabwalo n'kubisa agalu. Amatuma thenga, munthu wamkulu wosakhala wachibale, woyenda pakati pa mabanja awiri, wonyamula mafunso ndi mayankho, amene amamanga ukwati eni ake ali chete.

Thenga wodziwika mbali ya Thazima anali a Manasseh Luhanga, amene anapuma ntchito ya gemu kalekale. Maukwati amene iwo anamanga anali ambiri, ndipo amene anatha, iwo ankati, anathera zifukwa zobwera pambuyo. NyaChirambo anapita ndi nkhuku, anagwada pakhonde n'kufotokoza.

"Adada, ndikufuna mundiyendere."

"Kwa yani, mwana wanga? Chaka changotha kumene."

"Si za banja, adada. Ndi za imelo."

"Imeneyo sindinaionepo."

"Ndiye mukana?"

"Yayi. Thenga sachita kukwatiwa kaye kuti adziwe banja labwino. Anthuwo kwawo n'kuti?"

Funso limeneli ndilo linagwetsa a kutsidya kwa nyanja nkhuku isanamasulidwe n'komwe. Kwawo sikunkadziwika, mfumu yawo sinkadziwika, ndipo panalibe khomo limene munthu angagogode zinthu zikavuta. NyaChirambo anadandaula pang'ono, chifukwa ankafunitsitsa kudziwa chimene anthu olemera chotere amaperekera mabokosi ena ulere. A Luhanga anati pa ntchito yawo ya gemu anaona misampha yambiri, ndipo nyambo yake yonse inali yaulere.

Ku Mzuzu anapita okha, atavala jombo zawo za gemu. Mmene anafotokozera atabwerako, m'sitolomo sanalowemo tsiku loyamba. Anakhala tsidya lina la msewu ndi mayi wogulitsa nthochi, n'kumadya nthochi pang'onopang'ono, maso ali pakhomo. Anacheza ndi mlonda. Anacheza ndi telala woyandikana nayo khoma. Anazungulira kuseri kukaona jenereta, n'kupeza kuti pansi pake nkhuku inaikirapo mazira, ndipo kwa munthu wodziwa kulonda mapazi a nyama zimenezi zinali zokwanira kudziwa kuti chinthucho sichinalire posachedwa. Tsiku lachiwiri ndi pamene analowa, n'kulandiridwa ndi tiyi wamkaka.

"Munthuyo ndi wabwino chomene," anatero a Luhanga. "Samwa. Amaimba kwaya. Maliro a m'dera lake saphonya, ngakhale a kwa mkazi wake ku Chitipa amapita n'kukagonera."

"Akapita, sitolo amasiyira ndani?"

"Amakhoma. Ndiponso ndi wosamala katundu. Makina osunga makalata ali pansi pa tebulo lake, wawafunditsa nsalu yoluka mkazi wake. Kukangoti gu kumwamba, amazula zingwe zonse kukhoma, kuopa mphenzi."

"Ndiye nthawi ya mvula kalata yanga ikafika ipeza ndani?"

"Ipeza chitseko. Akuti imabwerera kwa mwini wake ndi mawu aulemu."

NyaChirambo anaganiza za kalata yochoka ku Lilongwe, yoyenda mtunda wonsewo n'kukapeza loko chifukwa ku Chitipa kwagwa maliro. Anafunsa ngati a Luhanga anavundukula nsaluyo kuti aone makinawo. Iwo anati thenga savundukula za eni.

"Banja ndi labwino," anamaliza motero, "koma limagona msanga."

Anatsala a ku Blantyre. Kumeneko kunali kutali, ndipo a Luhanga anati mawondo awo sangapirire basi ya tsiku lathunthu. Koma kufufuza banja lakutali kulinso ndi njira yake: umafunsa amene anakwatirako kale. A Luhanga anapeza mwini nyumba ina yogona alendo pa Rumphi amene ankasungitsa makalata kwa anthu omwewo, n'kumufunsa ngati anayamba amunyozapo, ngati amayankha akaitanidwa, ndiponso ngati munthu akafuna kuchoka amamulola kutenga katundu wake. Mayankho anali abwino. Kenaka anayamba kuimba pa nambala ya kampaniyo nthawi zosayenera: nthawi ya nkhomaliro, Lamlungu mapemphero ali mkati, tsiku la mpira wa timu ya dziko. Wina akayankha, iwo ankangoti, "Ndimangofuna ndione ngati mulipo," n'kudula. Ulendo uliwonse munthu analipo.

Tsiku lokambirana linafika. Anakhala pakhonde pa a Luhanga dzuwa lili pamutu, foni ya a Luhanga ili pa mpando wakewake, mawu atawakweza kuti onse amve. Anayankha mayi wina wa mawu oleza, amene anati dzina lake ndi Judy. Mwa mwambo mwini nkhani salankhula, choncho NyaChirambo ankanong'oneza a Luhanga, iwo n'kumapereka funsolo ku foni, ngakhale Judy ankamva kunong'onako bwinobwino.

"Mwana wathu kuno akufunsa kuti makalata ake azigona kuti."

"Pa makina athu, bambo. Makinawo ali ku Joni, ndipo kalata iliyonse timaisunganso kwina kuti ina ikatayika ina ikhalepo."

NyaChirambo anaiwala mwambo n'kulankhula mokweza. "Ku Joni? Amalume anga awiri anapita ku Joni. Mpaka lero ndi machona, sitidziwa ngakhale manda awo."

"Mwana wathu akuti," anatero a Luhanga atamuyang'ana mwaukali, "makalata ake asakakhale machona."

Judy anaseka. "Awa amabwerera, bambo. Kungotsegula foni, afika."

"Ndiye kalata yochoka pa Bolero kupita pa Rumphi imayamba yakafika ku Joni?"

"Eya, bambo."

"Opanda pasipoti?"

"Opanda pasipoti."

NyaChirambo anasangalala ndi yankho limeneli kuposa ena onse. Kwa nthawi yoyamba munthu anali atamuuza malo enieni, osati m'mwamba. Anafunsitsanso za mphenzi, za magetsi akazima, za anthu otumiza makalata onama kuti wapambana galimoto, ndipo Judy anayankha zonse mosatopa. Kenaka linafika funso limene anadzera.

"Mwana wathu ali ndi alamu ake," anatero a Luhanga mosamala. "Anthu abwino. Koma tinene kuti wina mwa iwo waimba kumeneko, n'kunena kuti ine ndine mutu wa banja, ndipatseni makalata. Mutani?"

"Sitipereka, bambo. Adilesi ndi ya mwini wake yekha, amene dzina lake lalembedwa kwa ife. Abwere mlamu, abwere mfumu, abwere m'busa, ife timalankhula ndi mwini wake basi. Limenelo ndi lonjezo lathu loyamba."

"Mwiniyo akamwalira?"

"Pamenepo timapereka kwa amene achibale a malemu agwirizana, akabwera ndi zikalata za imfa."

NyaChirambo anaganiza pang'ono n'kunong'ona kuti zimenezo zilibe kanthu. Iye akadzafa, a Harawa adzatenge, adzawerengerane moni mpaka kutopa. Chimene ankafuna ndi cha moyo uno. Anagwedeza mutu. Banja linali lapezeka.

Tsono apa ndi pamene mwambo unagwira ntchito yake mokwanira. Pomanga mawu omaliza, mwini nkhani sakhalapo. Amachoka kuti akulu amalize momasuka, ndipo amadzangouzidwa kuti zatheka. NyaChirambo ananyamuka mwaulemu n'kupita kuseri kwa nyumba kukathandiza mayi a pakhomopo kusenda chinangwa. Zimene zinakambidwa pakhonde anadzazimva patapita miyezi, koma zinali zochepa. Judy anafunsa dzina la bizinesi, a Luhanga n'kunena kuti Uchi wa NyaChirambo. Kenaka anati, "Dzina lanu, bambo?" Thenga sabisa dzina lake. Ndi dzina lakelo limene limamanga pangano, ndipo zinthu zikadzavuta ndi iye amene amadzafunsidwa. A Luhanga anatchula dzina lawo lonse, momveka bwino. Anawerenga nambala ya chiphaso chawo cha unzika, anatsimikiza kuti foni imene akuimbirayo ndi yawo, ndipo anathokoza a ku Blantyre chifukwa cholandira mwana wawo.

Adilesi inayamba kugwira ntchito sabata yomweyo, dzina la NyaChirambo lili kumbuyo kwa nkhono. Kalata yake yoyamba inapita kwa mayi Isabella. Anafotokoza kuti wosefa uchi uja ndi iyeyo, kuti Harawa ndi mtundu wa anthu ambiri, ndipo kuti wa thovu uja sanali wake. Anatumizanso botolo limodzi pa basi kuti likadzilankhulire lokha. Mayi Isabella anayankha, ndipo kalatayo NyaChirambo anaiwerenga yekha, kuyambira pa moni mpaka m'munsi mwenimweni. Zigubu zinayambanso kuchoka pakhomo pake. Foni ya malemu inatsala ndi makalata a anthu olonjeza galimoto.

A Gordon anabwerabe Loweruka, poti chizolowezi sichifa msanga.

"Ndamva kuti mwakwatiwa ku Blantyre, mlamu. Ng'ombe zake tilandira liti?"

"Zikubwera pa imelo, mlamu. Muzitsegula foni."

Chaka chisanathe, foni ya NyaChirambo inagwera m'ndowa ya uchi. Anaitsuka, anaiyanika, nyerere zinaikonda, koma sinayakenso. Thandi anatumiza ina. Polowetsa adilesi mu foni yatsopanoyo, makina anati atumiza manambala otsimikizira ku foni ya mwini wake, ndipo manambalawo agwira ntchito kwa kanthawi kochepa. NyaChirambo anadikira. Sikunabwere kanthu. Anayesanso, n'kuyesanso.

Chakumasana a Luhanga anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu, manambala atawalemba pachikhatho ndi bolopeni.

"Kwabwera uthenga wako kwa ine, mwana wanga. Wabwera katatu. Ndasankha woyamba, poti ndiwo waukulu."

"Bwanji osangondiimbira, adada?"

"Uthenga wa thenga suyenda pa lamya. Umaperekedwa pamaso."

Manambalawo anali atafa kalekale, mwina a Luhanga asanapope n'komwe matayala. Koma chimene chinamugwira NyaChirambo si chimenecho. Anafuna kudziwa chifukwa chimene uthenga wa mwini wake unapitira kwa a Luhanga. Atawaperekeza, anaimba yekha ku Blantyre, ndipo anayankha Judy yemwe uja.

"Ndine NyaChirambo, wa uchi, wa ku Rumphi."

"Ee, mayi onong'ona aja! Uchi ukuyenda?"

"Ukuyenda. Ndimafuna manambala azibwera ku foni yanga."

"Pepani, mayi. Zimenezo angasinthe ndi mwini wake wa adilesi."

"Mwini wake ndine. Dzina lili kumbuyo kwa nkhonolo ndi langa, la bambo anga ondibereka."

"Dzina la bizinesi ndi limenelo, mayi. Koma mwini wake wolembedwa kwa ife ndi bambo aja."

"Aja ndi thenga."

"Ndi chiyani?"

NyaChirambo anafotokoza za thenga kuyambira pachiyambi, ndipo Judy, amene anali wa ku Zomba, anamvetsera mwachidwi n'kunena kuti kwawo amati ankhoswe, ndipo mwambowo ndi wokongola. Kenaka anati kusintha n'kosavuta. Bambowo angoimba okha, anene kuti akuchotsa dzina lawo, atumize chithunzi cha chiphaso, basi.

"Inu simungasinthe pakumva ine?"

"Sitingathe, mayi. Abwere mlamu, abwere mfumu..."

"Ndikukumbuka," anatero NyaChirambo.

Ku Blantyre kusinthako n'kosavutadi. Ku Thazima ndi nkhani ina. Kuuza munthu wamkulu, amene anakuyendera mpaka ku Mzuzu ndi mawondo ake omwewo, kuti achotse dzina lake pa pangano limene anamanga, n'chimodzimodzi kumuuza pamaso kuti ukumuyesa wakuba. NyaChirambo anayesa kuzungulira. Tsiku lina atapita ndi botolo la uchi ananena kuti zikumumvetsa chisoni kuti adada akuvutika ndi njinga chifukwa cha iye, ndipo mwina mtolowu ukanatulidwa. A Luhanga anakhudzidwa kwambiri. Anati pa maukwati onse amene anamanga, palibe mwana amene anawaganizirapo chotere, ndipo chifukwa cha mawu amenewo sadzautula mtolowo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Anthu odziwa mwambo amene iye anawafunsa anagwirizana chimodzi: mawu otere sanganene yekha. Pafunika thenga wina wokauza thenga, ndipo akhale wamkulu kuposa a Luhanga. Wamkulu kuposa a Luhanga mbali imeneyo alipo mmodzi, koma samva. Anakafunsanso kwa a Makwinja, amene anati yewo, nkhaniyo ndi yofunika, ndipo ofesi ikukonza msonkhano wophunzitsa amalonda za umwini wa ma adilesi, ndalama za nkhomaliro zikangopezeka.

Pakadali pano zinthu zikuyenda. Manambala akafunika, NyaChirambo amatseka pakhomo n'kupita kukakhala pakhonde pa a Luhanga, foni ziwiri zili pa mpando umodzi, ndipo uthenga ukalowa iwo amaimirira n'kumuwerengera pamaso, nambala imodziimodzi, iye n'kuyankha kuti yewo, adada. Podikira amawafunsa za njovu za ku Vwaza, za mmene nyalugwe amabisira mapazi ake, ndi ngati ku Joni kumagwa mphenzi. Makalata ake sanabwererepo pa chitseko, mvula igwe, magetsi azime. Palibe mlamu amene wawerengapo ngakhale moni. A ku Blantyre asunga lonjezo lililonse limene ananena pakhonde paja.

A Luhanga chaka chino asiya njinga, ayamba kuyendera ndodo. Ali ndi ang'ono awo atatu, onse athanzi, ndipo onse amadziwa kugwiritsa ntchito foni.